Jombo Imodzi ya a Sitefano

Iwe Dalitso, taika phazilo apa pamphasa ndilione. Ee, kutupa kotereku ndiye ukuti kang'onong'ono? Chiphazi chafanana ndi dzungu, iwe n'kumati Lamulungu ukamenya mpira ku Mbulumbuzi chifukwa timu ikudalira iwe. Asa! Timu ikudalira iwe, nanga mkazi wako ndi kamwana kaja akudalira ndani? Njinga ya kabaza ija uzipalasa ndi mano? Ndiponso ndi phazi lomwe lija unabinya nthawi yokolola, usandinamize ine, maso anga akalamba koma lamanja ndi lamanzere ndimasiyanitsabe. Inu enanu musaseke, manja azisenda nandolo, mundibwereke makutu okha. Lero ndikuuzani za mwamuna wanga woyamba, a Sitefano, bambo awo a mayi anu. Dzina lawo sinditchulatchula pakhomo pano, ndipo mumva chifukwa chake.

Ine ndinakwatiwa njala yaikulu ija itangotha kumene. Inu njala simuidziwa. Mukadya kawiri pa tsiku mumayamba kuyenda mogwira mimba ngati mwaferedwa. Ife tinadya mizu, tinadya gaga wogula ku Limbe wapansi, kupita ndi kubwera, mtolo pamutu, popanda minibasi yoti ikuimire ukangokweza chala. Tinapulumukira kalongonda, ndipo kalongonda si nyemba zophika uli ndi changu: uwiritse, utaye madzi, uwiritsenso, utayenso, mpaka nkhuni zithe, apo ayi banja lonse liledzera n'kumasanza. Anthu amene adutsa m'zimenezo salekerera pakamwa pongodya. Pakhomo pathu lamulo linali limodzi, wosalima asadye.

Makolo athu anabwera kuchokera kwa Apwitikizi, amayi anga ali kamwana kakumbuyo, ndipo malo amene anapatsidwa m'munsi mwa phirimu anali ochepa. Munda unali wa ife akazi, wa amayi ndi ine. Woyang'anira mbumba anali atsibweni anga a Mulipa, mchimwene wawo wa amayi, munthu wosalankhulalankhula, wa fodya wake wapamphuno. Masiku amenewo mwamuna ndiye ankasamuka kudzakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini ankamuyeza ndi khasu. Akalima, ndi mwana wapakhomo. Akalephera, ankhoswe ankakhala pansi, iye n'kupinda mphasa yake kubwerera kwawo. Panalibe za kukhoti, panalibe kuchonderera.

A Sitefano anachokera cha ku Mbombwe uko. Ana inu, munthu uja anali wooneka. Wamtali, mano oyera, akamaimba kutchalitchi atsikana ankaiwala pogwada. Ine ndinawakonda, ndikunena poyera, ndinawakonda mopusa. Ndipo chaka choyamba analima ndithu. Ankadzuka tambala woyamba, pofika dzuwa pamutu ndime yatha, atsibweni n'kumagwedeza mutu kuti pano tapeza munthu. Chikomekome cha mkuyu, ana inu. Sitinadziwe kuti tikangokolola, munthuyo asanduka wina.

Mpira unabwera ndi aphunzitsi ena a kusukulu ya mishoni, wachikopa, womanga ndi chingwe pakamwa pake ngati thumba. Amuna a mudzi uno atangouona, nzeru zinawathera. Amuna andevu, a ana awo, kuthamangitsana ndi kachikopa dzuwa likuswa mtengo! Bwalo lawo linali pomwe pali chigayo lero, ndipo musaganize za bwalo losalala ngati la ku Boma. Unali munda wakale wogonera. Matutu akale anali osafafanizika bwino, zitsa za nandolo zili ngwingwi, maenje a anthu okumba mbewa paliponse. Palibe ndi mmodzi yemwe anaganizapo zotenga khasu n'kusalaza. Khasu ankati ndi la kumunda, pabwalo ndi pa masewera. Onse ankamenya opanda nsapato, ndipo mapazi a nthawi imeneyo anali mapazi, a ming'alu yoti n'kubisamo njere ya chimanga. Chikhadabo chikazuka ankathira dothi n'kupitiriza. Zinali zopusa, koma munthu ankabwera kunyumba akuyenda yekha.

Tsoka linabwera ndi a Jailosi. Amenewa anapita kunkhondo ya azungu, ndipo pobwera anabwera ndi nkhani zambiri ndi jombo za chisilikali, zolemera, za misomali kunsi. A Jailosi anali amanzere. Tsiku lina anaganiza, kaya anaganizira ndi chiyani, kuti popeza iwo amamenya ndi phazi lamanzere, jombo yamanja ikungowonongeka. Anaipereka kwa mnzawo wapamtima, a Sitefano, kuti azivala pa mpira. Basi, anthu awiri, jombo imodzi imodzi, phazi linalo lili pamtunda.

Tsiku loyamba ndinawaona akutuluka nayo ndinaseka mpaka kukhala pansi. Mwendo wina wautali, wina waufupi, akuyenda gwede, gwede. Jomboyo inali yaikulu, moti kutsogolo anafutsamo sanza kuti phazi lisamasewere.

"Inu, kodi mwendo winawo walakwa chiyani kuti uyende wamaliseche?" ndinawafunsa.

"Marita, iwe sudziwa kanthu," anatero. "Ukamenya ndi jombo mpira umalira ngati mfuti. Goloboyi amathawa yekha."

Ndipo goloboyi ankathawadi. Dzina lawo linamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Loweruka lililonse ankabwera atanyamulidwa pamapewa, akazi akululutira, ine n'kumanyada nawo kuchitsime ngati chigoli chimalowa m'nkhokwe. Kenaka Loweruka lina ananyamulidwanso, koma popanda wolulutira. Anaponda pa thutu akuthamanga, jombo inapendekeka, kakolo n'kupindika. Phazi lopanda kanthu likaponda poipa limamva n'kudzikonza lokha, koma chijombo chokhwepa chija chikayamba kugwa chimagwa ndi mwendo wonse. Pofika kunyumba jomboyo inakana kuvuka, mpaka tinachita kuikoka anthu awiri, iwo akukuwa ngati mbuzi yomangidwa.

Ndinawathowa ndi madzi otentha ndi masamba a nsatsi, m'mawa ndi madzulo. Ululu utangochepa, kutupa kusanathe n'komwe, anayamba kuyang'ana kubwalo. Kwathu kuno tinkakhulupirira kuti mayi amene anabereka mapasa akakuponda pobinya, umachira. Anapita kwa mayi wina wotero kumtunda uko, chimayi cha thupi lake, n'kuwaponda ndi chidendene. Kukuwa kwake tinamva tili kuno. Pobwera anati, "Ndachira, ndamva kuti thee, fupa labwerera." Loweruka lomwelo anavala jombo. Sanathe n'komwe chigawo choyamba, phazi lomwe lija, malo omwe aja.

Tsono apa mumvetse. Mpira unkaseweredwa chilimwe, kuyambira tikakolola mpaka mvula. Ndipo kumapeto kwa chilimwe ndiyo nthawi yososa ndi kuunda mizere. Zaka zimenezo boma linali litaletsa matutu, aliyense alime mizere yopingasa phiri, ndipo akapitawo a malimidwe ankayenda munda ndi munda. Akapeza munda wosatha, mwini wake ankakakuzidwa kukayankha mlandu ngati wakuba. Mizere ya pamtsetse ndi ntchito ya miyendo, umaponda molimba ndi kukoka dothi louma gwa. Chaka chimenecho munda wonse tinaunda ine ndi amayi, mkamwini ali pakhonde, phazi pa mtondo, akuweta ntchentche.

Amayi sakanatha kuwakalipira maso ndi maso. Mpongozi ndi mkamwini sankayang'anana masiku amenewo, akakumana panjira wina ankalowa patchire. Si za lero izi, mkamwini kukhala pampando umodzi ndi apongozi n'kumalimbirana wailesi. Choncho amayi ankalankhula ndi nkhuku. Akafika kuchokera kumunda, thukuta lili kamukamu, ankaima pabwalo n'kuyamba: "Shii! Tambala iwe, kudya kokha, kupalasa ayi? Kwanu ankakuweta choncho? Tambala wa mwendo umodzi ndiwo yake ndi yomweyo, mpeni ulipo!" Nkhuku zili phee, sizikudziwa mlandu wake. A Sitefano ankangoweramitsa mutu, ine manyazi atandigwira.

Mvula itagwa, bwalo linamera udzu, mpira unapachikidwa. Phazi linapuma miyezi yonse ya dzinja, ndipo linachira lokha popanda wolipondaponda. Anapalira, anabandira, anafolera nyumba ya amayi osatumidwa. Imeneyo ndiyo nyengo imene ndimaikumbuka ndikafuna kuwakumbuka bwino. Tinkapita limodzi kukagwira ngumbi pachulu, iwo akuimba, ine ndikuseka. Tinkawotcha mondokwa kumunda mvula ikuwaza. Tsiku lina tili chikhalire pamzere ndinawapempha.

"Inu, mpira sindikukuletsani. Koma jomboyo ibwerere kwa mwini wake. Menyani ngati anzanu, mapazi onse pansi."

"Ndamva, mayi," anatero. "Chaka chino uona."

Ndinaonadi. Chimanga chitangolowa m'nkhokwe, wezulo inalira, a Jailosi anatulukira ndi jombo m'khwapa. Ndipo sipanapite nthawi, anabwera nawo a Sitefano pamachila a nsungwi. Ulendo uno phazi linada bii mpaka m'zala. Ndinakana za mapasa, ndinakana za mphini. Ndinabwereka njinga ya akatekisiti, ine ndi mlongo wanga tinawakankha mpaka kuchipatala cha mishoni.

Kumeneko anawaona asisitere ena achizungu, okalamba, a Chinyanja chopindika koma chomveka. Anagwiragwira phazilo, nalipinda uku ndi uku, kenaka anafunsa kuti labinya kangati. A Sitefano anati kamodzi kokha. Ine ndinati, "Akunama, amayi, n'kachitatu, ndipo amamenya mpira ndi jombo imodzi." Asisitere anavula magalasi n'kuwayang'anitsitsa a Sitefano.

"Bambo, fupa silinathyoke," anatero. "Koma mitsempha ikatamuka kamodzi sichedwa kutamukanso. Ululu umatha msanga, mitsempha imachira mochedwa, ndiye inu mumanyengedwa ndi ululu. Musapite ku mpira mpaka mutatha kuima ndi phazi ili lokha, n'kunyamuka pa zala, osagwira khoma. Yambani ndi kuyenda, kuthamanga pambuyo. Mukadzabwerera muzimanga nsalu iyi, ndipo mapazi onse afanane, onse ovala kapena onse osavala. Mukapanda kumva, tsiku lina phazi ili lidzakana kuchira."

Anawamanga bandeji yoyera bwinobwino, nandionetsa kamangidwe kake, kuzungulira kakolo ndi kudutsa kunsi kwa phazi. A Sitefano anali "inde amayi, zikomo amayi", aulemu ngati pa ukonfesi. Titangotuluka pachipata anati, "Mkazi amene sanamenyepo mpira chibadwire angandiuze chiyani ine?" Ndinafuna kuisiya njingayo kuti igwe nawo m'ngalande.

Mukuganiza kuti anzawo a timu anati vuto ndi jombo? Kapena bwalo? Ha! Anakhala pansi amuna onse aja, mitu yonse ija, n'kupeza nzeru yakuti munthu sangagwe katatu ndi phazi limodzi popanda dzanja la munthu. Anati a timu ya kutsidya kwa mtsinje anakwirira mankhwala pabwalo kuti athyole a Sitefano. Akhristu a korona m'khosi, ana inu! Anadikira kuti akatekisiti apite ku ulendo, n'kutenga makasu. Makasu omwe ankakana kusalazira bwalo aja, tsiku limenelo anapezeka. Anakumba pagolo, anakumba pakati, anakumba paliponse pomwe a Sitefano anagwerapo. Anapeza chiyani? Phale la mphika ndi fupa la galu. Anavina nalo fupalo, nalitaya kumtsinje, nati tsopano bwalo layera. Maenjewo anangokankhiramo dothi ndi phazi, osatsendera, pamwamba n'kumaoneka ngati pabwino.

Iwe Dalitso ukuseka, koma inu a lero mwasiyana nawo pati? Iwo ankapita kwa mayi wa mapasa, inu mumagula timapiritsi pa sitolo, ululu ukazizira mumati mwachira. Bandeji mumamanga yoti atsikana aone kuti ndinu osewera. Nsapato mumagula pa kaunjika, ina yothina ina yokhwepa, bola ikhale ndi mizeremizere. Uchitsiru ndi womwe uja, wangosintha malaya.

Atsibweni a Mulipa anabwera m'mawa wina, nakhala pa mpando wa ndalema, nafwenkha fodya wawo. Sanakweze mawu.

"Akamwini, phazi likupeza bwanji?"

"Likuchira, atsibweni."

"Lichire ndithu. Chaka chatha munda anaunda ndi mlongo wanga, munthu wamkulu, inu muli pakhonde. Ife mpira sitidya. Mapanga awiri avumbwitsa, akamwini. Mvula yoyamba ikadzagwa munda uwu usanathe ndi manja anu, ndidzaitana ankhoswe anu. Ndanena kamodzi, sindibwereza."

Anapukuta mphuno napita. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi pakati pa mayi anu, miyezi yoyambirira, yosanza ndi fungo la utsi lomwe. Madzulo ake ndinagwada pamaso pa amuna anga, ine Marita amene sindigwadira munthu wamba, n'kuwauza kuti, "Inu, mwana uyu adzakupezeni pakhomo pano. Sindikupemphani china."

Ndipo kwa kanthawi anamva. Ndinkawamanga bandeji m'mawa uliwonse monga anandionetsera. Anayamba kuyenda ndi ndodo, kenaka popanda ndodo. Ankayesa kuima ndi phazi limodzi kuseri kwa nkhokwe, n'kumagwedezeka, n'kugwira nkhokwe, ine n'kumati, "Mwaona? Silinafike." Anayamba kusosa pang'onopang'ono, kenaka mizere, kuyambira kumunsi kosatsetsereka. Munda unafika pakati. Amayi analeka kulankhula ndi nkhuku. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Ndiye kunamveka kuti a kutsidya kwa mtsinje akubwera kudzasewera pabwalo lathu. Mudzi wonse unatekeseka ngati kukubwera bishopu. Loweruka lake masana, tikuchokera kumunda, tinapeza a Jailosi atakhala pakhonde pathu, jombo yamanja ili pamiyendo, ataipaka mafuta a nsatsi ili phuliphuli.

"Achimwene, mankhwala tinachotsa," anatero. "Mukapanda kubwera adzati munathawa. Mukangoima kutsogolo basi, osathamanga. Akakuonani okha, atha mphamvu."

"A Jailosi," ndinatero ine, "mwabwera kudzaunda mizere yotsalayo? Khasu ndi ilo."

"Alamu, izi ndi za amuna."

"Za amuna ndi ziti? Akathyoka mumawatula pakhomo pano ngati thumba la makaka, inu n'kupita kwanu. Wothowa ndine, wolima ndine. Tengani chinsapato chanucho muzipita!"

A Sitefano anasendera pafupi ndi a Jailosi. Maso awo anali pa jombo. Anailandira, nakhala pansi, nayesa kulowetsa phazi. Linakana, chifukwa cha bandeji. Anayesanso, linakana. Ndiye ndikuona ndi maso angawa, anayamba kumasula bandeji ija, pang'onopang'ono, naipinda bwinobwino, naiika pa mtondo. Phazi linalowa.

"Ndikangoima kutsogolo, Marita," anatero.

Ine sindinapite kubwaloko. Ndinakhala pakhonde ndikumva phokoso lili wowowo. Kenaka kunamveka chimkuwo chachikulu, nthungululu, ndinadziwa kuti amwetsa. Pasanapite nthawi phokoso lonse linazima ngati wathira madzi pamoto. Ndinangonyamuka n'kukatereka madzi.

Anandiuza pambuyo pake kuti atamwetsa chigoli magazi anawatentha, anayamba kuthamanga ngati kale. Anadyetsa njomba munthu mmodzi, wachiwiri, kenaka jombo inalowa m'dzenje limodzi mwa maenje omwe anakumba okha pofuna mankhwala. Thupi linapita kutsogolo, phazi linatsala m'dothi. Ulendo uno jomboyo tinachita kuidula ndi mpeni, ndipo a Jailosi anadandaula za jombo yawo kuposa za mwendo wa mnzawo. Kuchipatala anati fupa laling'ono la pakakolo lathyoka, ndipo ngakhale lilumikizike, phazi limenelo silidzakhalanso lolimba.

Mitambo inayamba kusonkhana paphiri munda uli theka. Ine ndinayesa, ana inu, ndinayesa. Ndinkaunda mzere umodzi, n'kukasanza, n'kubwerera. Amayi msana unali utawagwira. Atsibweni anatumiza ana awo kudzatsiriza kuopa akapitawo, ndipo tsiku lomwe anatsiriza anatumiza uthenga ku Mbombwe. Ankhoswe anabwera, mkulu wawo wa a Sitefano, nakhala pansi pa mtengo wa mango uwo. Mlandu sunatalike. Mkulu wawoyo anangoti, "Tamva, palibe chokana. Munthu wathu timutenga akatha kuyenda." A Sitefano ankangojambula pansi ndi kamtengo.

Apa ndi pomwe mudziwe kuti agogo anu ndinali ndi mutu wouma. Ndinaimirira pamaso pa amuna onse aja n'kunena kuti, "Akapita, ine ndipita nawo."

Amayi analira ngati ndamwalira. Atsibweni anandiyang'ana nati, "Mwana wa mlongo wanga, kumeneko ulibe munda, ulibe nkhokwe, ulibe mbale. Ukakhala mlendo wodyera m'manja mwa apongozi, ndi mwamuna wosatha kulima. Ukudziwa chimene ukunena?"

"Ndikudziwa," ndinatero. "Ndikalima ndine. Mwanayu akhale ndi bambo."

Mkazi kusiya dothi la amayi ake n'kutsata mwamuna wothamangitsidwa, zinali zosamveka kwathu kuno. Akazi anzanga kuchitsime ankati ndadyetsedwa. Ine ndinkati munthuyu tsopano waphunzira, mwendo wamuphunzitsa zimene ife tinalephera. Masabata amenewo anali wofatsa, wachisoni, ankandigwira dzanja n'kumati, "Marita, ndakulakwira. Mpira ndi ine tasiyana." Ndinakhulupirira.

Atayamba kuyenda ndi ndodo, tinanyamuka. Linali Loweruka, dzuwa litapendeka kuti kutentha kuchepe, kumwamba kuli mitambo yakuda koma mvula isanagwe. Ndinamanga mtolo umodzi, mphasa, kamphika, nsalu zanga ndi malaya awo, n'kusenza ine, chifukwa iwo sakanatha. Amayi sanatuluke m'nyumba. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo patsogolo akutsimphina, bandeji ili kuphazi, ine pambuyo ndi mimba yanga. Sindinacheuke kuyang'ana nyumba yathu.

Njira ya ku Mbombwe inkadutsa m'mbali mwa bwalo. Anzawo anali pomwepo, akusewera okhaokha, fumbi lili koboo. Ine ndinaweramitsa mutu kuti tidutse msanga. Ndiye wina anamenya molakwika, mpira unatuluka m'bwalo, n'kugubuduka, n'kugubuduka, mpaka kudzaima panjira, patsogolo pa a Sitefano.

"Achimwene, tatiponyereni!" anakuwa a Jailosi.

Akanatha kuutola ndi manja. Akanatha kuukankha ndi ndodo. Akanatha kuulambalala. Ine ndinaima, mtolo pamutu, ndikuona msana wawo. Ndinaona mapewa akuwongoka. Anataya ndodo, nabwerera m'mbuyo pang'ono, naumenya ndi phazi lomwe lija, la bandeji, ndi mphamvu zawo zonse.

Mpira unakwera bwino, sindinama, unakagwera pakati pa bwalo. Amuna onse anakuwa, "Sitefano! Sitefano wadzuka!" Iwo anali pansi m'fumbi, atagwira kakolo ndi manja awiri, misozi ikutsika, koma mano onse ali pamtunda, akuseka.

"Mwauona?" ankatero. "Mwauona mmene wapitira?"

Ndinatula mtolo. Ndinamasula, ndinachotsa nsalu zanga ndi kamphika kanga, malaya awo ndi mphasa ndinaziika pambali pa ndodo.

"Marita, tandidzutsa," anatero.

"Akudzutseni a mpira," ndinatero ine.

Ndinatembenuka kubwerera kwa amayi. Ndinalira njira yonse, ana inu, kulira kokweza mawu, osasamala wondiona, chifukwa munthu uja ndinkamufuna ndipo ndinali nditasiya zonse chifukwa cha iye. Pokhota njira paja pali mjigo lero, mtima unandigonja, ndinaima n'kucheuka. Ndinati akangondiitana kachiwiri, ndibwerera. Anzawo anali atawakokera m'mbali mwa bwalo n'kuwakhazika pa chulu, masewera akupitirira. Iwo anali chikhalire, mwendo uli tambalale, akuloza ndi dzanja, akukuwira a Jailosi kuti apatsire kumanja. Ndinaima pamenepo mpaka madontho oyamba a mvula anayamba kundigwera. Sanayang'ane kunjira ngakhale kamodzi.